Yankho kwa bambo amene afunsa ngati kunenepa ndiko kwawakwezera uric acid

Bambo, mwanena kuti muli ndi zaka 46, sikelo ikuonetsa makilogalamu 98, kuchipatala akupezani ndi uric acid wa 8.1 mg/dL, ndipo chala chachikulu cha kuphazi chatupapo kawiri usiku mpaka kulephera kufunda bulangeti. Mukufuna kudziwa ngati thupi ndilo lachititsa, komanso ngati kusala kudya kwa milungu iwiri kungakuthandizeni. Pa funso loyamba, kunenepa kuli ndi mbali yake yaikulu. Pa lachiwiri, musayerekeze, ndipo chifukwa chake ndichifotokoza.

Uric acid ndi zotsalira zimene zimapangika thupi likamaphwanya ma purine, omwe amapezeka m'maselo athu enieniwo komanso m'zakudya zina. Pafupifupi magawo awiri mwa atatu a zotsalirazi amatuluka kudzera mu impso, pamene gawo linalo limatulukira m'matumbo. Zikachuluka m'magazi kupitirira pafupifupi 6.8 mg/dL zimayamba kuundana ngati timasingano ting'onoting'ono m'malo molumikizana mafupa, makamaka kumapazi kumene kumakhala kozizirirapo, ndipo ululu umene mwaufotokozawo, umene madokotala amautcha gauti, umachokera pamenepo.

Anthu ambiri amaganiza kuti wonenepa amakhala ndi uric acid wambiri chifukwa choti amadya nyama kwambiri basi. Zoona zake n'zakuti kwa anthu ambiri vuto lagona pa impso zimene sizikutulutsa mokwanira. Mafuta akachuluka, makamaka aja odzaza m'mimba kuzungulira chiwindi ndi matumbo, thupi limasiya kumvera bwino insulin, homoni imene imatsitsa shuga m'magazi, ndiye limakakamizika kupanga insulin wochuluka kuti shuga asakwere. Insulin wochulukayo amachititsa impso kubweza uric acid m'magazi m'malo momutaya mu mkodzo. N'chifukwa chake gauti, shuga ndi BP zimakonda kuyendera limodzi mwa munthu mmodzi, ndipo ndingakulangizeni kuti mukayezetse zonsezi pamodzi ndi impso zimene. Mimba imene kwathu kuno timaiyamikira kuti ndi ya bwana ndi imene ikufunika tepi ya telala: muyeze mozungulira pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno, ndipo kwa mwamuna ikapitirira masentimita 94 ndiye kuti yafika poganizira. Kwa amayi malire ake ndi 80, ngakhale kuti iwo amatetezekako ndi mahomoni mpaka atasiya kusamba.

Tsono za kusala kudya. Munthu akakhala masiku osadya, thupi limayamba kuwotcha mafuta ake mofulumira n'kutulutsa zinthu zotchedwa ma ketone, zimene zimalimbirana njira ndi uric acid mu impso. Zotsatira zake uric acid amakwera m'malo motsika, ndipo ngati madzi akumwedwanso pang'ono, chala chija chikhoza kukudzutsani pakati pa usiku mlungu woyamba usanathe. Kuchepetsa thupi kumatsitsadi uric acid, koma kuchitike pang'onopang'ono, mwina theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi pa mlungu. Ngati mumadya mitanda itatu ya nsima, yambani ndi kuchotsa umodzi n'kuwonjezera ndiwo zamasamba, ndipo muziyenda ndawala kwa mphindi 30 masiku ambiri pa mlungu phazi likakhala kuti lapola.

Pa zakudya, zoyamba kuzisiya ndi mowa, makamaka wa m'mabotolo ndi wa masese, zakumwa zotsekemera zoziziritsa kukhosi, ndi zam'kati monga chiwindi, impso ndi nthumbwana za pachiwaya. Shuga wa m'zakumwazo ali ndi mtundu wina wa shuga wotchedwa fructose, amene chiwindi chikamamuphwanya chimapanga uric acid wina, kuwonjezera pa kunenepetsa. Nyemba, nandolo ndi masamba musaziope. Ngakhale zili ndi ma purine, kafukufuku sanapeze kuti zimawonjezera chiopsezo cha gauti, ndipo ndimamva chisoni ndikaona munthu atasiya nyemba koma Loweruka ali pa kanyenya ndi botolo m'manja.

Ndiyenera kunenanso kuti thupi si lokhalo lolakwa. Alipo anthu owonda amene amadwala gauti chifukwa cha kumtundu kapena impso zofooka, ndipo alipo onenepa amene uric acid wawo ndi wokwera koma sanamvepo ululu moyo wawo wonse. Mankhwala ena amamukwezanso, monga hydrochlorothiazide amene ambiri amalandira pa BP, ndi pyrazinamide wa TB. Ngati mukumwa amenewa musasiye nokha, koma kawauzeni adokotala za kutupako kuti aone ngati n'koyenera kusintha.

Popeza chala chatupa kale kawiri, kusintha kadyedwe kokha mwina sikungakufikitseni pansi pa 6 mg/dL, pamene timasingano tija timayamba kusungunuka. Kafunseni za allopurinol, mankhwala otsitsa uric acid, amene amayambidwa pa mlingo wochepa n'kumakwezedwa malinga ndi zotsatira za magazi. M'miyezi yoyambirira ululu ukhoza kubwerera ngakhale mankhwalawo akugwira ntchito, choncho musawataye poganiza kuti akukudwalitsani, koma mukaona zidzolo pakhungu muwasiye tsiku lomwelo n'kuthamangira kuchipatala.