Chip Chatsopano Chikamasokoneza Zosungidwa mu Kaseti ya NES

Bambo ena a ku Luwinga andilembera imelo kuti anakonza kaseti ya NES (makina akale osewerera magemu a Nintendo) poikamo flash ya SST39SF040 (chip chomwe mumakhala gemu) ndi RAM yatsopano (chip chomwe chimasunga pomwe wosewera wafika mothandizidwa ndi batire) yoyankha m'mananosekondi 55 (nanosekondi ndi gawo limodzi mwa magawo biliyoni a sekondi). Gemu ikuyenda bwino, koma zomwe asunga zikumasokonekera ngakhale batire ndi latsopano, choncho akufunsa ngati agule chip chothamanga kuposa pamenepo.

Achimwene, musataye ndalama zanu, chifukwa RAM yanuyo ikulakwa kaamba koti ndi yothamanga kale kuposa momwe makinawa anapangidwira. Famicom (mtundu wa makinawa wa ku Japan) inatuluka mu 1983, NES mu 1985, ndipo purosesa yake imayenda pa 1.79 MHz, kapena 1.66 MHz pa makina a PAL (monga ogulitsidwa ku Ulaya). Waya wa adiresi wa A15 safika ku kaseti. M'malo mwake kaseti imalandira /ROMSEL, chizindikiro chomwe chip cha 74LS139 chimapanga pophatikiza A15 ndi M2 (chizindikiro cha nthawi chochokera ku purosesa), ndipo chizindikirochi chimafika mochedwa ndi mananosekondi pafupifupi 30 M2 itakwera kale.

Vuto lagona pa kamphindi kameneka. Gemu ikamalembera mapper (chip cha mu kaseti chosinthira zigawo za gemu) pa adiresi ya $E000 kupita m'mwamba, A13 ndi A14 zimakhala zokwera, M2 yakwera, koma /ROMSEL sinatsike kuti isonyeze kuti A15 nayo yakwera, kotero kaseti imaona ngati akulembera $6000, komwe kumakhala zosungidwa zanu. RAM yakale inkadutsidwa ndi kamphindiko osakazindikira, pomwe yatsopano imakagwira n'kulemba zolakwika.

Chofunika ndi kuchedwetsa M2 isanalowe mu chip cha 74HC20 chomwe chimatsegula RAM. Wotchererani resistor ya 1 kΩ pa waya wa M2, kenako capacitor ya 47 pF kuchokera pa mwendo wa 74HC20 womwe M2 ikulowera kupita ku ground, ndipo izi zichedwetsa chizindikirocho ndi mananosekondi makumi angapo. Ine ndimawonjezera diode ya 1N4148 pambali pa resistor, mzere wake wakuda utayang'ana komwe M2 ikuchokera, kuti kukwera kuchedwe koma kutsika kukhale kwachangu, popeza RAM ikachedwa kutseka imalembanso zinthu purosesa itazisiya kale. Musaiwale capacitor ya 100 nF pafupi kwambiri ndi mwendo wa magetsi wa chip chilichonse.

Mwachita bwino posankha SST39SF040, chifukwa imagwira ntchito pa 5V monga makinawo. Zimandipweteka ndikatsegula kaseti n'kupeza chip cha 3.3V chalumikizidwa mwachindunji, poti chimafooka pang'onopang'ono n'kumavutitsanso makina omwe masiku ano sapezeka wamba.

Musanagwire chowotcherera, yang'anani kaye mano a kaseti. Chinyezi cha kuno ku Mzuzu chimawadetsa msanga, ndipo ine ndinakhalapo usiku wonse ndikukayikira M2 pomwe vuto linali kadzimbiri kobiriwira pa dzino limodzi, komwe kanachoka nditapukuta ndi kathonje konyowetsa mu isopropyl. Mukamaliza zonsezi, sungani gemu, zimitsani makina, muyesenso kangapo, ndipo mundilembere mmene zayendera.