Chiweruzo, ukapolo ndi kubwerera kwawo kwa Ayuda: kodi Yeremiya ankanena zinthu zotsutsana?

Mayi wina amene amatsogolera phunziro la Baibulo pa mpingo wake wanditumizira imelo yokhala ndi funso limene ndaona kuti ndi bwino kuliyankha poyera. Akuti gulu lawo linasankha buku la Yeremiya chifukwa chokonda vesi ya pa 29:11, imene imanena kuti Mulungu ali ndi malingaliro a mtendere pa anthu ake, osati a choipa, ndipo adzawapatsa tsogolo ndi chiyembekezo. Koma atayamba kuwerenga kuchokera pa mutu woyamba, zimene anakumana nazo ndi lupanga, njala ndi mliri, ndipo anazizwa kuona mneneri akuuza anthu a mtundu wake kuti agonjere adani. Akufunsa kuti mawu oopsawa akugwirizana bwanji ndi lonjezo lija, komanso ngati munthu wolankhula chotere pa nthawi ya nkhondo sanali wopereka dziko lake.

Zikomo kwambiri, mayi, chifukwa chowerenga bukuli kuyambira pachiyambi m'malo mongotolamo vesi imodzi. Ine ndimakhulupirira kuti chenjezo ndi lonjezo mu Yeremiya ndi uthenga umodzi, ndipo zimenezi zimaoneka bwino munthu akadziwa kuti mawu aliwonse ananenedwa liti komanso kwa ndani.

Yeremiya anali mwana wa Hilikiya, wa banja la ansembe a ku Anatoti, mudzi umene unali pafupi ndi Yerusalemu chakumpoto. Anaitanidwa m'chaka cha 13 cha ufumu wa Yosiya, cha m'ma 627 Khristu asanabadwe, ndipo analalikira zaka zoposa 40, nthawi imene ufumu waung'ono wa Yuda unapanikizika pakati pa maufumu akuluakulu. Asuri anali kutha mphamvu, pamene Aigupto ndi Ababulo ankalimbirana malo ake. Mfumu Yosiya inaphedwa ku Megido mu 609 polimbana ndi Farao Neko, ndipo mu 605 Nebukadinezara wa ku Babulo anagonjetsa Aigupto ku Karikemisi. Kuyambira pamenepo funso la tsiku ndi tsiku kunyumba yachifumu ku Yerusalemu linali lakuti agonjere Babulo kapena adalire thandizo la Igupto n'kumupandukira.

Komabe Yeremiya sanaone vutoli ngati la ndale zokha. Werengani mutu 7, pamene anaima pachipata cha Kachisi n'kuuza anthu obwera kudzapembedza kuti asadzinamize pobwerezabwereza kuti pano pali Kachisi wa Yehova. Milandu imene anawawerengera ndi yodziwika: kuba, kupha, chigololo, kulumbira monama, kupondereza mlendo, mwana wamasiye ndi mkazi wamasiye, kenako n'kubwera m'nyumba ya Mulungu kudzanena kuti tapulumuka. Akufotokoza banja lonse likugwira ntchito ya kupembedza mafano, ana akutola nkhuni, abambo akusonkha moto, amayi akukanda ufa wopangira makeke a mfumukazi yakumwamba. Akutchulanso za ana otenthedwa ngati nsembe ku Tofeti m'chigwa cha Hinomu. Pa mutu 22 akudzudzula Mfumu Yehoyakimu chifukwa chomanga nyumba ya matabwa a mkungudza, yopakidwa utoto wofiira, pogwiritsa anthu ntchito popanda kuwalipira, ndipo akumukumbutsa kuti bambo ake Yosiya ankaweruza mwachilungamo milandu ya osauka. Choncho chiweruzo chimene mukuchiona m'mitu yoyambirirayo chili ndi zifukwa zake, ndipo zambiri mwa zifukwazo zikukhudza mmene amphamvu ankachitira ndi anthu opanda owateteza.

Chinthu china chimene owerenga ambiri sachiona ndi chakuti machenjezowa ankaperekedwa khomo likadali lotsegula. M'nyumba ya woumba mbiya, pa mutu 18, Mulungu akunena momveka kuti akalengeza tsoka pa mtundu wa anthu, mtunduwo n'kutembenuka, iye adzaleka choipacho. Ndi cholinga chomwecho chimene Yeremiya anauzira mlembi wake Baruki, mwana wa Neriya, kuti alembe mu mpukutu mawu onse a zaka zoposa 20, kuti mwina anthu akamva angabwerere. Zimene zinachitika ndi mpukutuwo, pa mutu 36, zimandikhudza kwambiri. Inali nyengo yozizira, mfumu Yehoyakimu itakhala m'nyumba yake ya nthawi yachisanu, mbaula ya moto ili patsogolo pake. Yehudi, mtumiki wa mfumu, akawerenga zigawo zitatu kapena zinayi, mfumu inkazidula ndi mpeni wa mlembi n'kuziponya pamoto, mpaka mpukutu wonse unatha. Akuluakulu atatu, Elinatani, Delaya ndi Gemariya, anaichonderera kuti isautenthe, koma sinawamvere, ndipo palibe amene anang'amba zovala zake chifukwa cha mantha. Yeremiya ndi Baruki analembanso mpukutu wina ndipo anawonjezeramo mawu ambiri. Mfumu yomweyi inali itatumiza anthu mpaka ku Igupto kukagwira mneneri wina, Uriya wa ku Kiriyati-Yearimu, n'kumupha ndi lupanga, ndipo Yeremiya anapulumuka pa mlandu wa ulaliki wa m'Kachisi uja chifukwa Ahikamu mwana wa Safani anamuteteza.

Tsopano tifike pa vesi imene gulu lanu limaikonda. Mu 597 Nebukadinezara anazinga Yerusalemu, ndipo Mfumu Yehoyakini, mwana wa Yehoyakimu, amene anali atalamulira miyezi itatu yokha, anadzipereka. Anatengedwa kupita ku Babulo pamodzi ndi mayi ake, nduna, asilikali, amisiri ndi osula zitsulo, ndipo buku la 2 Mafumu limati anthuwo anali 10,000. Mbiri ya Ababulo eniake, yolembedwa pa phale ladothi limene likusungidwa ku British Museum ku London, imatchula za kugwidwa kwa mzindawu ndi kuikidwa kwa mfumu ina, imene m'Baibulo ndi Zedekiya. Anthu otengedwawa ndi amene analandira kalata ya pa mutu 29. Anali atataya kale nyumba, minda ndi mwayi wopembedza ku Kachisi, ndipo pakati pawo panali aneneri owauza kuti asadandaule, abwerera posachedwa.

Ku Yerusalemu nakonso uthenga wokomawo unali ndi mwini wake, Hananiya wa ku Gibeoni. Pa nthawi imene Yeremiya ankayenda atavala goli lamtengo pakhosi posonyeza kuti mitundu yonse ya m'derali iyenera kugonjera Babulo, Hananiya analengeza m'Kachisi kuti pasanathe zaka 2 ziwiya zopatulika zidzabwezedwa, ndipo mfumu ndi onse otengedwa adzabwerera. Yeremiya anayamba wavomereza kuti ameni, Yehova achitedi zimenezo, zimene zikusonyeza kuti iye sankakondwera ndi tsoka la anthu ake. Hananiya anathyola goli lija pamaso pa anthu, koma mawu anabwera akuti m'malo mwa goli lamtengo padzakhala lachitsulo, ndipo iye anamwalira patangotha miyezi iwiri. Onani, mayi, kuti pa aneneri awiriwa amene ankalankhula za mtendere wamsanga ndi Hananiya, ndipo ndi iyeyo amene bukuli limamutchula kuti anakhulupiritsa anthu bodza.

Kalata ya Yeremiya inauza akapolowo zinthu zowawa kumva: mangani nyumba mukhalemo, limani minda mudye zipatso zake, kwatirani ndi kukwatitsa ana anu kuti muchuluke, ndipo mufunire mtendere mzinda umene mwatengedwerako ndi kuupempherera, chifukwa mtendere wanu uli mu mtendere wake. Kenako pa vesi 10 akuti zikadzatha zaka 70 Mulungu adzawabwezera kwawo, ndipo vesi 11 ikubwera pambuyo pa mawu amenewa. Izi zikutanthauza kuti ambiri mwa akuluakulu amene anamva kalatayo ikuwerengedwa ankadziwa kuti adzaikidwa m'manda ku Babulo, ndipo tsogolo lolonjezedwalo lidzaonedwa ndi ana ndi zidzukulu zawo. Ena sanaikonde n'komwe kalatayi. Semaya wa ku Nehelamu analembera wansembe Zefaniya ku Yerusalemu kumufunsa chifukwa chake sanamange Yeremiya ngati wamisala. Koma zofukulidwa m'mabwinja zikusonyeza kuti moyo unapitiriradi monga mmene kalatayo inanenera. Ku Babulo kunapezeka mapale olembedwapo mafuta amene ankaperekedwa kwa Yehoyakini mfumu ya Yuda ndi ana ake, ndipo mapale ena amatchula mudzi wotchedwa Al-Yahudu, kumene Ayuda ankalima, kukhoma msonkho ndi kupangana za malonda.

Pa funso lanu lachiwiri, dziwani kuti mlandu wa kupereka dziko Yeremiya anaimbidwadi ali moyo. Zedekiya atapanduka, Ababulo anazinga mzinda kwa chaka ndi theka. Pamene gulu lankhondo la Igupto linayandikira ndipo Ababulo anachoka kwa kanthawi, anthu olemera amene anali atamasula akapolo awo achihebri ndi pangano la m'Kachisi anawagwiranso n'kuwabwezera mu ukapolo, zimene zikuonetsa kuti kulapa kwawo kunali kwa mantha chabe. M'masiku omwewo Yeremiya anagwidwa pa Chipata cha Benjamini ndi mlonda Iriya, amene anamunamizira kuti akuthawira kwa Ababulo. Anamenyedwa, anatsekeredwa, ndipo pambuyo pake nduna zinanena kuti akufooketsa manja a asilikali, choncho zinamutsitsira m'chitsime chopanda madzi momwe anamira m'matope. Amene anamutulutsa ndi Ebedi-Meleki, Mkusi wogwira ntchito kunyumba yachifumu, amene anapita kwa mfumu kukamudandaulira, kenako anatenga nsanza ndi zovala zakutha n'kumuuza kuti aziike m'khwapa kuti zingwe zisamupweteke pomukoka.

Ine sindimuona ngati wopereka dziko, ndipo zifukwa zanga ndi izi. Malangizo ake kwa Zedekiya, ngakhale pa mapeto penipeni, anali akuti akadzipereka mzinda sudzatenthedwa ndipo iye ndi banja lake adzakhala ndi moyo. Mfumu inaopa ndipo inakana, ndipo mu 587 kapena 586, malinga ndi mmene akatswiri amawerengera, linga linabooledwa, ana a Zedekiya anaphedwa iye akuona ku Ribila, maso ake anakolowoledwa, ndipo Kachisi anatenthedwa. Pajatu akuluakulu amati mawu a akulu akoma akagonera. Kuwonjezera apo, Ababulo atamupatsa mwayi wopita nawo kuti akamusamalire, iye anatsalira ndi osauka a m'dziko pansi pa Gedaliya, bwanamkubwa amene Ababulo anamuika, ku Mizipa. Sanasiyenso kunena kuti Babulo nayenso adzaweruzidwa, monga mmene mitu 50 ndi 51 ikufotokozera mwatsatanetsatane.

Umboni waukulu kwa ine uli pa mutu 32. Mzinda uli wozingidwa, Yeremiya ali m'ndende m'bwalo la alonda, ndipo Hanameli, mwana wa m'bale wa bambo ake, akubwera kudzamugulitsa munda wa ku Anatoti, dera limene adani anali atalilanda kale. Yeremiya anayeza masekeli 17 a siliva pa sikelo, anasaina kalata yogulira mundawo pamaso pa mboni, ndipo anauza Baruki kuti aike makalatawo mu mtsuko wadothi kuti asungike nthawi yaitali, chifukwa nyumba, minda ndi minda ya mpesa zidzagulidwanso m'dzikomo. Munthu amene ankalengeza kuti mzinda ugwa ndi yemweyo amene anaika ndalama zake pa tsogolo la dziko lomwelo, ndipo zonse ziwiri anazichita pa nthawi imodzi.

Kubwerera kunachitikadi. Koresi wa ku Perisiya analanda Babulo mu 539, ndipo chaka chotsatira analola Ayuda kubwerera kukamanga Kachisi. Buku la Ezara limawerenga anthu 42,360, ndipo Kachisi wachiwiri anatha cha m'ma 516 kapena 515, patapita zaka pafupifupi 70 kuchokera pamene woyamba anatenthedwa. Sikunali kubwerera kwa ulemerero wonse: nkhalamba zimene zinaona Kachisi woyamba zinalira mokweza poona maziko a watsopanoyo, mpando wachifumu wa Davide sunabwezeretsedwe, ndipo Ayuda ambiri anakhazikika ku Babulo osabwerera. Yeremiya mwiniwake sanazione zimenezi, chifukwa Gedaliya ataphedwa ndi Ismayeli, otsalawo anamutenga mokakamiza kupita ku Tapanesi ku Igupto. Ndi chifukwa chake mutu 31 ndi wofunika kwambiri, popeza ukulonjeza zoposa malo ndi nyumba: pangano latsopano limene lamulo lidzalembedwa m'mitima, onse adzadziwa Yehova kuyambira wamng'ono mpaka wamkulu, ndipo machimo sadzakumbukiridwanso. Kalata ya kwa Ahebri, pa mutu 8, imabwereza mawu amenewa ponena za Khristu, pamene Ayuda amawawerenga monga lonjezo la kukonzedwanso kwa pangano lawo ndi Mulungu.

Musawaletse amayi a m'gulu lanu kukonda vesi ya 29:11, koma muwathandize kuiwerenga pamodzi ndi mavesi 4 mpaka 14, kuti aone kuti inalembedwera gulu la anthu ogonjetsedwa amene anauzidwa kudikira, kugwira ntchito ndi kupempherera mzinda wa adani awo. Chimene chikukuvutani china n'chakuti bukuli silinasanjidwe motsatira nthawi, moti nkhani za Zedekiya zimabwera nthawi zina patsogolo pa za Yehoyakimu. Ndikupempha kuti muyambe ndi mitu 1, 7 ndi 26, mutsatize 36, kenako 27, 28 ndi 29, mupitirize ndi 34, 37, 38 ndi 32, mufike pa kugwa kwa mzinda m'mitu 39 mpaka 43, ndipo mitu 30 ndi 31 muiwerenge pomalizira, muli ndi 2 Mafumu 23 mpaka 25 pambali kuti mayina a mafumu asakusokonezeni.