Musanasinthe scope, chotsani kaye pellet imodzi

Achimwene, mwanena kuti mwagula mfuti yothirira onga kukamwa ya .50 kuti mukasake agwape mu Disembala kuno ku Indiana, ndipo mukuika ma pellet (timibulu ta onga woumba) atatu a mtundu wa Triple Seven ndi chipolopolo cha 250 grains (grain ndi muyezo wa onga ndi zipolopolo). Pa mayadi 100 zipolopolo zikumwazika, phewa likuwawa, ndiye mukufunsa ngati scope yanu, kagalasi koyang'aniramo polunjika, ndi yabodza. Ine ndikukayika. Ndikuona ngati vuto lili pa onga ndi katsukidwe.

Ma pellet atatu ndi 150 grains, malire enieni a mfuti zomwe zimatchedwa magnum. Malire si muyezo woti muziomberapo tsiku lililonse ayi. Mfuti zambiri zimalunjika bwino pakati pa 80 ndi 110 grains, ndipo gwape wa pa mayadi 100, omwe ndi mamita 91, amagwa ndithu ndi 100 grains. Pa 150 onga wina umangopsera kunja, kapulasitiki komwe kamavala chipolopolo kamawonongeka, ndiye inuyo mumayamba kutsinzina musanakoke chifukwa thupi likudikira kumenyedwa. Ikani awiri muone.

Koma ngati mukufuna kuidziwadi mfuti yanu, gulani onga womwazika ndi kachoyezera. Ma pellet anuwo amakulumphitsani 50 yathunthu, pomwe womwazika mumatha kukwera pang'onopang'ono, 80, 90, 100. Dziwani kuti manambalawa ndi a kudzaza kwa choyezera, osati kulemera kwa pa sikelo. Onga womwazika wa Blackhorn 209, mwachitsanzo, malire ake ndi 120 pa choyezera, koma ukauika pa sikelo ndi 84 basi. Munthu akasokoneza ziwirizi wadziika pangozi. Triple Seven womwazika ndi wamphamvu kuposa onga wakuda, choncho amati muchepetse ndi 15 pa 100 iliyonse. Ndipo buku lomwe linabwera ndi mfuti yanu ndilo lomaliza kulankhula, osati ine.

Onga wa zipolopolo zamakono, wosatulutsa utsi uja, musauyandikize n'komwe. Umaphulitsa mpope m'manja. Ife tinakula tikumva za magogodera a azigogo athu, otsindira sanza ndi tizitsulo tilitonse, ndipo nkhani za zala zoduka sitizisowa. Kukongola kwa mfuti ya masiku ano sikusintha zimenezo.

Za chipolopolo, onani kaye kapotedwe ka mizere ya mkati mwa mpope. Mfuti ngati yanuyo nthawi zambiri imakhala 1:28, kutanthauza kuti chipolopolo chimazungulira kamodzi pa mainchesi 28. Imeneyi imakonda sabot, chipolopolo cha .45 chovala kapulasitiki, kapena zotalika ngati PowerBelt. Zozungulira ngati mabo zimafuna mizere yofatsa, monga 1:66. Ine ndimakonda sabot ya 250 grains yomwe imalowa molimba pang'ono, yoti uikankhe ndi manja awiri. Ikangotsetsereka yokha, nthawi zambiri simalunjika. Tsiku lina mukadzapita kukasaka ku Colorado, werengani malamulo awo kaye, chifukwa m'nyengo ya mfuti zimenezi sabot, ma pellet ndi scope saloledwa kumeneko.

Tsopano ku bwalo loomberako. Musanathire kanthu, pukutani mafuta mumpope, muombe ma primer (tizisoti toyatsa onga) awiri opanda onga. Yambani pa mayadi 25, mfuti itatsamira pa matumba a mchenga. Ombani katatu malo amodzi osakhudza scope. Apa ndi pomwe ambiri amalakwa, akaomba kamodzi n'kuyamba kupotokola, kuomba kachiwiri n'kupotokolanso, mpaka onga kutha akuthamangitsa bowo lililonse. Mabowo atatu akayandikana, m'pamene mumasunthira scope pakati pawo. Ma scope ambiri kuti kliki kamodzi amasuntha kota ya inchi pa mayadi 100, ndiye pa mayadi 25 inchi imodzi imafuna ma kliki 16. Kenako pitani pa 50, kenako 100.

Chomwe ndikuganiza kuti chikukuvutitsani kwambiri ndi litsiro. Triple Seven amasiya chimkanda cholimba pansi, pomwe chipolopolo chimakhala. Mukaomba kawiri katatu osapukuta, chipolopolo chimaima pa chimkandacho osafika pa onga, ndipo kampata kotsalako kamasokoneza kaombedwe, mwinanso kutupitsa mpope. Pukutani mukaomba kulikonse, kansalu konyowa pang'ono kenako kouma. Mukatsindira bwino koyamba mumpope woyera, lembani mzere pa ndodo yotsindira pomwe yalekeza kukamwa. Mzerewo ukakhala pamwamba, chipolopolo sichinafike, kapena mwathira kawiri. Zinandichitikirapo ine ndikucheza ndi mnzanga, ndinaika ma pellet kawiri, chinandipulumutsa ndi kamzere komweko.

Muzidikiranso mphindi zingapo kuti mpope uzizire, chifukwa ukatentha kapulasitiki kamafewa. Musathire onga kuchokera m'botolo mwachindunji, muzidzera m'choyezera, poti kamoto kotsalira mkati kangayatse botolo lonse. Mukakoka osalira, mfuti ikhale yoloza kutsogolo kwa mphindi yathunthu.

Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, onga wokha kapena chipolopolo chokha, ndipo muzilemba m'kope. Mukapeza muyezo womwe ukuika mabowo atatu mkati mwa mainchesi awiri pa mayadi 100, lekerani pomwepo. Kenako bwerani tsiku lina m'mawa kukuzizira, mfuti itatsukidwa momwe mudzainyamulire kutchire, muombe kamodzi kokha. Kuomba koyamba kwa mpope woyera nthawi zina kumagwa padera ndi kwinako, ndipo kutchire ndi komweko komwe mudzakhale nako, poti pofika potsindira kachiwiri gwape wapita. Ngati kwagwa pambali, scope muisunthire kumeneko.

Madzulo ake itsukeni, mumasulenso breech plug, chotsekera cha kumbuyo kwa mpope. Zotsalira za onga zimakoka chinyezi, ndipo dzimbiri siichedwa kugwira.