Kwa mayi amene amuna awo akwiya ndi filimu ya Barbie

Achemwali, imelo yanu ndaiwerenga, ndipo yandikhudza pamene pamandipweteka kale. Mwati munkaonera filimu ya Barbie ndi bambo akunyumba, iwo n'kudzuka isanathe akunena kuti ndi filimu yonyoza amuna, ndipo tsopano akukaniza mtsikana wanu wa zaka 13 kuionera. Mukufuna kudziwa ngati akunena zoona, komanso ngati mwanayo mumulole.

Ndisanafike kwa bambowo, ndilankhuleko za chidolecho, poti mkangano unayambira pa icho kalekale filimu isanabwere. Barbie anatulutsidwa mu March 1959 pa chionetsero cha zidole ku New York. Anamuganiza ndi mayi Ruth Handler, mmodzi mwa anthu amene anayambitsa kampani ya Mattel, ndipo dzinalo anatengera kwa mwana wawo wamkazi Barbara. Nthawi imeneyo zidole zambiri za atsikana zinali makanda, zoti mwana azizibereka ndi kuzigoneka. Mayi Handler anaona mwana wawo akusewera ndi tizidole tamapepala n'kumatipatsa moyo wa anthu akuluakulu, ndiye anati bwanji osapanga chidole chomwe ndi mzimayi wamkulu, chokhala ndi zovala zake ndi ntchito yake. Ken, chidole chachimuna, anabwera pambuyo, mu 1961, ndipo dzina lake ndi la mwana wawo wamwamuna Kenneth. Mugwire mfundo imeneyi: Ken anapangidwa chifukwa Barbie analipo kale ndipo ankafunika chibwenzi. Filimu yonse ya Greta Gerwig, mayi amene anaitsogolera, yakhazikika pamenepo.

Ine ndinakula ndikubereka chitsononkho. Tinkachikulunga kansanza, n'kuchimanga kumsana ndi kachidutswa ka chitenje cha amayi, ulendo wa kumasanje. Kumeneko anyamata ankakhala abambo, ankangodikira kuti tiwapakulire, ndipo wina ankakhala fisi wobwera kudzaba ndiwo. Palibe anatiuza kuti tigawane maudindo motero, tinkangotengera zomwe tinkaona kunyumba. Kenako azakhali anga, amene ankapita ku Joni kukapikula katundu, anandibweretsera chidole chapulasitiki chotsanzira Barbie, cha pamsika chabe, chamiyendo yaitali ndi tsitsi lachikasu lofika m'chiuno. Mudzi wonse wa ana unasonkhana pakhonde pathu. Ndinkachipesa m'mawa ndi madzulo. Ndipo m'masiku omwewo ndinayamba kudziyang'ana pagalasi la amayi n'kumaona kuti tsitsi langa ndi lolimba, mphuno yanga ndi yotambalala, khungu langa ndi lakuda kwambiri. Ndisanakhale nacho chidolecho zinthu zimenezi sindinkaziwerengera n'komwe. Ndinalira kuti andiwongole tsitsi ndi chipeso chamoto, khutu linapsa, koma ndinapirira mosangalala. Ndili ku sekondale ndinaona anzanga akudzola mafuta oyeretsa khungu mpaka masaya kusanduka ofiira pamene zala zili zakuda, ndipo ndinkawamvetsa bwino lomwe chomwe ankafunafuna.

Tsono pamene m'filimumo kamtsikana kotchedwa Sasha kakumulalatira Barbie kusukulu, kumuuza kuti wakhala akuchititsa atsikana kudziona ngati osakwanira kuyambira tsiku lomwe anapangidwa, ine ndinali kumbali ya kamtsikanako. Sikankanama. Mu 1965 Mattel inagulitsa Barbie wina pamodzi ndi kasikelo kolozera pa mapaundi 110 ndi kabuku ka momwe ungachepetsere thupi, malangizo ake n'kukhala akuti usadye. Mu 1992 anatulutsa Barbie wolankhula amene mwa zina ankati masamu ndi ovuta, mpaka aphunzitsi ndi magulu a amayi ku America anadandaula kampaniyo n'kuchotsa mawuwo. Barbie wakuda wodziwika ndi dzina lenileni la Barbie anadikira mpaka 1980. Wathupi lodzadzako pang'ono anabwera mu 2016. Komanso n'zoona kuti mu 1965 momwemo kunali Barbie wopita kumlengalenga, munthu asanaponde pamwezi. Chidole chimodzi chomwecho chinkauza mtsikana kuti angathe kukhala chilichonse, n'kumamuuzanso kuti akhale ndi chiuno chomwe munthu wamoyo sangakhale nacho.

Tsopano za bambo akunyumba. Sindikufuna kuwanyoza, chifukwa pali chomwe anaona ndipo chilipodi. Ku Barbieland, dziko la zidole la m'filimumo komwe kuli a Barbie ndi a Ken ambirimbiri, pulezidenti ndi mkazi, oweruza onse a khoti lalikulu ndi akazi, madokotala, olemba mabuku, ngakhale otola zinyalala ndi akazi. A Ken alibe ntchito yodziwika, amangoima kugombe la nyanja kudikira kuti Barbie awayang'ane. Barbie atafunsidwa komwe a Ken amagona sakudziwa n'komwe. Ken amene akuseweredwa ndi Ryan Gosling atafika m'dziko lenileni, ku Los Angeles, n'kuona kuti kumeneko amuna ndiwo akulamula, akutenga nzeruzo n'kubwerera nazo kwawo, kulanda nyumba za a Barbie, kudzaza paliponse ndi zithunzi za mahatchi, a Barbie n'kusanduka operekera mowa. Pomaliza a Barbie akuwagonjetsa powachititsa nsanje kuti amenyane okhaokha pa tsiku lovota. Mwamuna wokhwima maganizo m'filimumo mulibe. Akuluakulu a Mattel ndi gulu la abambo a masuti lothamangathamanga mopanda nzeru, mwamuna wa Gloria, mayi ake a Sasha, amangooneka pang'ono akuphunzira Chisipanishi, ndipo Allan, chidole china chachimuna, amene ali ndi mtima wabwino, ndi munthu woti aliyense amamuiwala. Ngati bambo anakhala pampando n'kumasakasaka munthu wofanana nawo osamupeza, ndikumvetsa kuti zinawawawa.

Koma apa ndiye pamene ine ndikuuma mtima. Ululu umenewo, wa kuonera nkhani yomwe anthu a mtundu wako ali zokongoletsera chabe, opanda nyumba, opanda mawu, ongodikira kuyang'anidwa, bambo anaumva kwa nthawi yosakwana maola awiri ndipo sanathe kuupirira mpaka kumapeto. Inu ndi ine taumva moyo wathu wonse. Ndi mafilimu angati amene taonera, a ku Hollywood, a ku Nigeria, a ku India, momwe mkazi ali pamenepo kuti apulumutsidwe, kapena ndi mfiti ya apongozi, kapena ndi hule lobwera kudzapasula banja? Tinadzukapo pampando? Tinaseka nawo, tinaphika tiyi, filimu n'kutha. Gerwig anatenga malo omwe akazi akhala akupatsidwa n'kuikamo amuna kuti aone momwe mumamvekera. Ndipo sanabise. Kumapeto a Ken akupempha mpando umodzi m'khoti lalikulu, akuwakaniza n'kuwapatsa wa khoti laling'ono, wofotokoza nkhani n'kunena kuti mwina tsiku lina a Ken adzakhala ndi mphamvu zofanana ndi zomwe akazi ali nazo m'dziko lenileni. Munthu amene wakwiya kuti a Ken awachitira zopanda chilungamo wamva bwino uthengawo, kungoti sanafunse kuti chilungamo chosowacho akuchifanizira ndi cha ndani.

Ndikamalemba izi ndikukumbukira chilangizo changa ndisanalowe m'banja. Amayi akuluakulu anandizungulira usiku wonse. Banja ndi kupirira. Mwamuna ndi mwana, umusamale. Akabwera usiku usamufunse komwe anali. Ukamalandira ndalama zambiri kuposa iye usamuonetse. Usanenepe kwambiri angakuthawe, usaonde anthu anganene kuti sakukudyetsa. Ambiri mwa amayiwo ankandikonda ndi mtima wonse, ankandipatsa zomwe zinawathandiza iwo kukhalitsa m'mabanja mwawo. Koma nditafunsa mwamuna wanga zomwe iye anauzidwa, zake zinatha mowa usanathe m'botolo. Patapita zaka, ku ofesi ina komwe ndinkagwira ntchito, alendo atabwera pa msonkhano womwe ine ndinkayenera kuutsogolera, bwana anandiyang'ana n'kundiuza kuti ndikaone za tiyi, pamene mnyamata amene ndinkamuphunzitsa ntchito anakhala phee ndi kope lake. Ndinapita kukaona za tiyi. Ndikanakana ndikanatchedwa wamwano, ndipo nditavomera ena anati ndilibe mphamvu za utsogoleri.

N'chifukwa chake pamene Gloria, yemwe akuseweredwa ndi America Ferrera, akuyamba kulankhula za momwe kukhala mkazi kuliri kosatheka, misozi inatsika. Akuti uyenera kukhala wochepa thupi koma osati kwambiri, ukhale ndi ndalama koma usazipemphe, utsogolere koma usapondereze maganizo a ena, ukonde umayi koma usamangokamba za ana, usakalambe, usalakwitse, ndipo amuna akachita zoipa uyankhe ndiwe. Ena ku America anati mawuwo ndi a kalasi yoyamba, aliyense amawadziwa kale. Mwina kwa iwo. Kwa ine anali mawu a usiku wa chilangizo uja, koma akunenedwa ndi munthu amene watopa nawo.

Pamene filimuyi ikundikwiyitsa ine

Musaganize kuti ndikuiikira kumbuyo pa zonse. Filimuyi inapangidwa ndi Warner Bros. mogwirizana ndi Mattel, eni chidole. Inatuluka pa 21 July 2023 ndipo inapeza ndalama zoposa madola 1.4 biliyoni, kuposa filimu ina iliyonse chaka chimenecho. Kampani inalola kuti aiseke, aionetse ngati gulu la abambo adyera, chifukwa inkadziwa kuti kusekedwako kugulitsa katundu. Ngakhale Weird Barbie, chidole chometedwa ndi kulembedwalembedwa kumaso chomwe m'nkhanimo chikuimira zidole zomwe ana anaziwononga, Mattel inachipanga n'kuchiika pamalonda. Malaya amene Ken anavala kumapeto kwa filimu nawonso anagulitsidwa. Ndiye mwana wanu akadzaona Sasha akudzudzula Barbie, adziwe kuti amene akudzudzulidwayo ndi yemwenso akulandira ndalama ya tikiti.

China n'chakuti ufulu womwe filimuyi ikuudziwa ndi wa mayi wa mu ofesi wokhala ndi galimoto. Nyumba za pinki zija palibe amene amazikolopa. Mtsikana wantchito amene amachapa ndi kulera ana kuti mayi wa mu ofesi akakhale bwana mulibemo. Ku Barbieland vuto limatha mkazi akakhala pulezidenti. Ife kuno tinakhala naye pulezidenti wamkazi, mayi Joyce Banda, kuyambira 2012 mpaka 2014, chinthu chomwe America sanachionebe, ndipo ndinanyadira. Koma m'chaka chomwecho cha 2012, mu January, amayi anavulidwa m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre chifukwa chovala mathalauzi ndi masiketi aafupi, patatha zaka pafupifupi 20 lamulo la 1973 loletsa zovalazo litachotsedwa. Mpando wapamwamba ndi wofunika, koma sufika wokha kwa mayi amene akuyenda pa depoti. Filimuyi ilibe chonena kwa iye, ndipo sindifuna kuti ana athu aziganiza kuti nkhondo ya amayi imathera pa kuvala pinki n'kupita kukaonera kanema.

Komabe taonani zomwe zinachitika pa mphoto za mafilimu za Oscar mu 2024. Filimu inasankhidwa m'magawo 8. Ryan Gosling anasankhidwa chifukwa cha Ken, America Ferrera nayenso anasankhidwa. Greta Gerwig sanaikidwe pa mndandanda wa otsogolera mafilimu, ngakhale anali mkazi woyamba kutsogolera yekha filimu yodutsa biliyoni imodzi, ndipo Margot Robbie, amene anasewera Barbie, sanaikidwe pa wa ochita sewero aakazi, ngakhale onse awiri anatchulidwa m'magawo ena. Gosling yemweyo analemba poyera kuti wakhumudwa nazo. Mphoto imodzi yokha yomwe inapata ndi ya nyimbo ya Billie Eilish ndi mchimwene wake Finneas. Ndipo pamene filimu inkatuluka, Ben Shapiro, wolankhula za ndale wa ku America, anajambula vidiyo akuotcha zidole za Barbie. Bambo wamkulu kuyatsa moto zidole za ana chifukwa cha nkhani yomwe Ken akulira n'kupepesedwa.

Inde, akupepesedwa, ndipo apa ndi pamene bambo akunyumba sanafikepo poti anali atadzuka. Barbie akuvomera kuti ankamutenga Ken ngati chinthu chongokhalapo, akumupepesa, n'kumuuza kuti adzifufuze yekha kuti iye ndi ndani popanda chibwenzi, popanda nyumba yolanda, popanda chijasi chaubweya. Ken akuulula kuti kulamula sikunkamusangalatsa n'komwe. Ine ndili ndi mwana wamwamuna, ndipo ndimaona momwe dziko likumuuzira kale kuti mwamuna salira, kuti ulemu wake uli m'thumba mwake ndi mwa mkazi amene wamugwira dzanja. Ndaona amuna abwino akusweka ntchito itatha chifukwa sankadziwa kuti ndi ndani popanda malipiro. Filimu yodana ndi amuna sikanataya nthawi kumuuza Ken kuti ndi wokwanira payekha.

Za mwanayo, ine ndingamulole. Ku America filimuyi anaiika pa PG-13, kutanthauza kuti makolo asamale nayo kwa ana osakwana zaka 13, ku Britain pa 12A, kutanthauza kuti osakwana zaka 12 aonere ali ndi munthu wamkulu. Muli nthabwala zingapo za akuluakulu, Barbie amakamba za imfa, penapake amanena kuti zidole zilibe ziwalo zobisika, ndipo imatha iye akupita kukaonana ndi dokotala wa amayi, choncho konzekani mafunso. Musamuonetse mobisa bambo ake, mungasandutse mwana bwalo la mkangano wanu. Auzeni bambowo kuti simukuwapempha kuti aikonde, mukungopempha kuti aimalize mphindi zomwe anazisiya musanagamule limodzi. Akavomera, muonere atatu, ndipo ikatha muyambe mwamufunsa mtsikanayo zomwe waona iyeyo inu akuluakulu musanalankhule.