Yankho kwa achemwali ofunsa za Biidaasige Park ndi chikadzidzi chija

Achemwali, mwafunsa ngati nkoyenera kunyamuka ku Scarborough ndi ana awiri, wa zaka 3 ndi wa zaka 8, kupita ku Biidaasige Park, paki yatsopano ya ku Toronto ya m'mphepete mwa nyanja ya Ontario ija. Mwanenanso kuti apongozi anu amene abwera kudzacheza kuchokera kumudzi aona chithunzi cha chikadzidzi chachikulu chomanga choseweramo ana cha kumeneko, ndipo akanitsitsa kuti adzukulu awo asakalowe m'mimba mwa chimbalame chotero. Ine ndikuti pitani, ndipo agogowo musawasiye pakhomo.

Ndiyambe ndi za kadzidzi chifukwa ndi pomwe pagona nkhani. Mantha a agogo si oti nkuwaseka. Tonsefe tinakula tikudziwa kuti kadzidzi akalira pa denga usiku, akuluakulu sagona tulo, amati kukubwera maliro kapena wina watumiza. Munthu amene wakhala moyo wake wonse akumva zimenezo sangangosintha maganizo chifukwa wakwera ndege. Koma kadzidzi wa pa pakiyi ndi uja woyera wa kumadera ozizira kwambiri a kumpoto, amene amatha kusaka ngakhale masana dzuwa likuswa mtengo. Nthawi ya chisanu ena mwa iwo amatsikira mpaka kuno ku Toronto, ndipo anthu okonda mbalame amapita kukawafunafuna ku Tommy Thompson Park, komwe si kutali ndi pakiyi. Ndiye amene anamanga malowa anasankha mbalame imene imadziwika m'dera lomwelo. Ndi chinthu cha matabwa, chachitali kuposa nyumba, mkati mwake muli pokwera ndiponso kabwalo koti ana azichitirapo zisudzo. Mwana akakwera amasuzumira kunja nkumaitana amake pansi. Palibe chobisika, makolo amalowa nawo, ndipo agogo akafuna akhoza kuyamba ndi iwo kusuzumiramo. Akakanabe, musakangane nawo pamaso pa ana. Malo osewerera ndi ambiri, tsiku litha kutha osayandikira nkomwe kwa kadzidziyo.

Funso lina limene ndikudziwa kuti lili kuseri kwa mawu anu, poti enanso anandifunsapo kutchalitchi, ndi lakuti kodi kadzidziyu ndi zinyama zina zomangidwa pabwalo lamasewerali si mafano kapena za mizimu. Ayi. Palibe amene amazigwadira kapena kuthira nsembe pamenepo. A mzinda wa Toronto anafotokoza kuti zinyama zikuluzikulu za pabwaloli zikuyimira mifunda ya eni nthaka a kuno, Anishinaabe, Ongwehonwe ndi Huron. Apa mpamene ndikufuna agogo akhalepo, chifukwa iwo adzamva msanga kuposa ana athu obadwira kuno. Anthu amenewa ali ndi mifunda ngati mmene ife tilili ndi a Phiri ndi a Banda, ndipo mifunda yawo imatchulidwa ndi nyama: chimbalangondo, mmbulu, kamba, nsomba, mbalame zina. Mfunda umauza munthu abale ake ndani, udindo wake pamudzi ngotani, ndiponso amene sayenera kukwatirana naye. Pakati pa Anishinaabe mwana amatenga mfunda wa bambo. Pakati pa Haudenosaunee (Ongwehonwe aja) ndi Wendat (Huron aja) amatenga wa mayi, ndipo kwa a Haudenosaunee amayi akuluakulu a pa mfunda ndiwo amasankha mfumu, ikalakwitsa amatha kuichotsa. Mukawauza agogo zimenezi muone mmene nkhope yawo idzasinthire, chifukwa ndi zomwe mbumba imachita kwathu posankha wolowa ufumu. Musadabwe akayamba kufunsa adzukuluwo kuti, "Nanga inu mfunda wanu mumaudziwa?"

Chimene sindikonda ndi choti mabanja ambiri amafika, ana nkusewera, kujambula zithunzi, basi kubwerera, osadziwa nkomwe kuti anaponda pati. Kale malo onsewa anali dambo lalikulu la Ashbridge's Bay, limodzi mwa madambo aakulu kwambiri a m'mphepete mwa nyanja ya Ontario, komwe eni nthaka ankawedza ndi kusaka. Boma la atsamunda linatenga dera la Toronto kwa eni nthaka otchedwa a Mississauga kudzera m'pangano la 1787 limene linakonzedwanso mu 1805, ndipo malipiro ake anali ochepa mochititsa manyazi moti mlandu wake unadzatha mu 2010, boma la Canada litalipira madola 145 miliyoni. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 dambo lija analikwirira kuti amangepo mafakitale ndi matanki a mafuta, ndipo mtsinje wa Don anaukhotetsa mwamphamvu nkuulowetsa mu ngalande ya Keating. Unada kwambiri moti mu 1969 anthu anauchitira mwambo wa maliro pofuna kuonetsa kuti wafa. Kukhotetsa kumeneko kunkachititsanso kuti mvula yamphamvu ikagwa madzi asowe kolowera. Anthu a kuno sanaiwale namondwe Hazel wa mu 1954 amene anapha anthu 81. Ndiye boma la Canada, la Ontario ndi mzinda wa Toronto anasonkha ndalama zopitirira madola 1 biliyoni, nakumba chigwa chatsopano choti mtsinje uzidutsamo mokhotakhota mpaka kunyanja. Madzi anayamba kuyenda m'njira yatsopanoyi mu 2024, paki nkutsegulidwa mu Julayi 2025. Kukumbako kunapanga chilumba chimene tsopano chikutchedwa Ookwemin Minising, ndipo dzina la chilumba ndi la paki onse ndi a m'chilankhulo cha Anishinaabemowin, osankhidwa mothandizidwa ndi akuluakulu a eni nthaka.

Wa zaka 8 uja zina mwa izi akuzidziwa kale. Kusukulu m'mawa uliwonse amamva mawu ovomereza kuti sukulu yawo ili pa nthaka ya a Mississaugas of the Credit ndi mitundu ina, ndipo pa 30 Seputembala amavala malaya a olenji pokumbukira ana amene analandidwa kwa makolo awo nkutsekeredwa m'sukulu zogonera konko. Kwa ana ambiri mawu amenewo amangolowa khutu ili nkutulukira linalo. Akaimirira pa mtsinje weniweni, inu nkumuuza kuti anthu amawatchula kusukulu aja ankapalasa mabwato awo pompano ndipo adakalipo mpaka lero mumzinda muno, zimayamba kukhala ndi tanthauzo. Chonde mawu akuti adakalipo musawasiye. Ana amafulumira kuganiza kuti ndi anthu a m'mabuku a mbiri yakale basi. Sindikunena kuti bwalo lamasewera labweza zimene zinatengedwa, sizingatheke. Koma ifenso ndife alendo pano, ndipo mlendo wakhalidwe amafunsa kuti eni mudzi ndani.

Tsopano za tsikulo. Kulowa nkwaulere. Wamkuluyo adzathamangira ku zip line, zingwe zotsetserekapo zija, ndipo Loweruka ndi Lamlungu masana mzere wake umatalika, choncho fikani m'mawa kuti akwere kangapo anthu asanachuluke. Wamng'onoyo malo ake ndi a mchenga ndi madzi. Madzi amayenda m'tingalande pakati pa miyala, ana nkumatseka ndi mchenga kuti apange damu, kenako nkugumula, kukuwa kuli tholo. Ndinaona kamtsikana kena kakutunga madzi ndi nsapato yake poti kanalibe kachitini, mayi ake angogwira m'chiuno. Ndiye tengani zovala zosinthira, thaulo, ndi kachitini kapena kabigiri kakang'ono. Pali chinyama chinanso chachikulu, raccoon uja amatigwetsera mabini usiku, ndipo ana amamukonda kwambiri chifukwa amamudziwa.

Mavuto awiri ndikuuzirenitu. Loyamba ndi mthunzi. Mitengo anabzala yambiri, pafupifupi 5,000, koma idakali yaing'ono, moti dzuwa la Julayi ndi Ogasiti limawotcha popanda pothawira penipeni. Zipewa, mafuta oteteza kudzuwa, madzi akumwa okwanira, ndipo agogo muwatengere ambulera ndi kampando kopinda. Mphepo ya kunyanja nayonso imazizira madzulo ngakhale masana kunatentha, kajuzi musaiwale. Lachiwiri ndi lakuti malowo ndi otakasuka ndipo mtsinje uli pafupi. Mwana wa zaka 3 akachoka pamaso panu kamphindi kochepa mtima umathamanga. Gawanani, wina ayang'anire wamkulu ku zingwe, wina akhale ndi wamng'ono kumchenga. Mumtsinjemo si mosambira, ndi mwa mabwato opalasa ndi owedza nsomba. Ngati ana alirira kusambira, Cherry Beach ili chakumwera pang'ono potsata msewu wa Cherry.

Chakudya nyamulani chakunyumba. Malo okhala nkudya alipo, ndipo mpunga wa nkhuku kapena mandasi m'kontena zimakupulumutsani, chifukwa kuderali kulibe masitolo ambiri pafupi, mbali zina akumangabe.

Pa mayendedwe, malo oimika galimoto ndi ochepa ndipo amadzaza msanga kumapeto kwa sabata. Ngati agogo angathe kuyenda pang'ono, kwerani sitima mpaka ku Union Station, kenako basi nambala 114 imene imadutsa Queens Quay nkulowa msewu wa Commissioners, pomwe pali pakiyo. Ana a zaka 12 kutsika pansi salipira pa TTC, bungwe loyendetsa mabasi ndi sitima za mumzinda, ndiye mudzangolipira akuluakulu okha. Anawo muwakhazike kuwindo kuti aone milatho yatsopano yoyera yokhala ndi mitundu yowala mkati. Musananyamuke onani nthawi za basi pa webusaiti ya TTC, poti kumapeto kwa sabata nthawi zina amasintha njira. Ngati musankha Loweruka, lembani muno m'gulu, mabanja ena a ku Scarborough ndi North York angakonde kupitira limodzi, agogo nawonso apeze anzawo ocheza nawo Chichewa.