Mafilimu ndi magemu si ngongole, achimwene

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mukuti chiyambireni ntchito, kenako n'kubadwa mwana, mafilimu, ma series, mabuku ndi magemu amene munkawakonda akukusiyani m'mbuyo, ndipo mukalowa m'gulu muno mumangokhala ngati mlendo pamene anzanu akukambirana zatsopano. Ndiye mwafunsa kuti enafe timakwanitsa bwanji. Ine sindikwanitsa. Ndikukayikanso ngati alipo muno amene amakwanitsa. Mukaona munthu akuyankha pa nkhani iliyonse, kawirikawiri amakhala kuti waonera kachidule ka mphindi khumi pa YouTube, kapena ndi mnyamata wa ku koleji amene nsima amaipeza itaphikidwa kale.

Tiyambe ndi masamu, chifukwa ambirife timadziimba mlandu tisanawerengere. Tengani One Piece yekha, katuni wa ku Japan (zimene amati anime), amene anyamata muno sagona naye tulo. Anayamba kuonetsedwa ku Japan mu 1999, ndipo pano magawo ake anadutsa 1,100. Gawo lililonse ndi mphindi pafupifupi 24. Mukachulukitsa mupeza maola 440. Munthu woonera gawo limodzi tsiku lililonse, osaphonya ngakhale tsiku la maliro, angatenge zaka zitatu kuti afike pamene anzake anali iye akuyamba, ndipo pofika pamenepo anzakewo adzakhala atasunthanso. Ndiye muwonjezere mafilimu a kampani ya Marvel. Kuchokera pa Iron Man wa 2008 kufika pa Endgame wa 2019 panali mafilimu 22 m'zaka 11, tingoti awiri pachaka, ndipo munthu wapantchito ankatha kuwatsatira. Koma kuyambira 2021 anayamba kuthira ma series pa Disney+, n'kumalumikiza nkhani zake ndi mafilimu, moti ukaonera Doctor Strange wachiwiri wa 2022 usanaone WandaVision, umangodabwa kuti Wanda, mayi wa m'filimuyo, walusa chifukwa chiyani. Amachita dala. Kampani imene umailipira mwezi ndi mwezi sifuna kuti udzafike tsiku lonena kuti ndamaliza, chifukwa tsiku limenelo usiya kulipira. Mukulimbana ndi anthu masauzande olembedwa ntchito yoti zinthuzi zisathe, pamene inu muli ndi ola limodzi mwana akagona.

Ine ndinali ndi hadi diraivi ya 1TB, yodzaza mpaka kufiira. Ndinkati ndikakumana ndi mnzanga aliyense wokhala ndi laputopu, moni wachiwiri unali wakuti "uli ndi chani chatsopano?" Ndinkakopera chilichonse, ngakhale zimene sindinazimvepo dzina. Ndinafika mpaka pogula kope lolembamo zoti ndidzaonere, ndi mzere wochongera ndikamaliza. Madzulo tikadya, ana atagona, ndinkakhala pampando laputopu ili pamiyendo n'kuyamba kutsegula mafoda. Ichi ndachiyamba mphindi zisanu, ayi, mwina chija. Chija chilibe mawu olemba m'munsi, ndiye china. Pozindikira ola latha, maso akulemera, ndipo palibe chimene ndaonera. Mayi akunyumba ankangoti, "Bambo, ndiye mwaonera mayina a mafilimu basi, tiyeni tikagone." Paja akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Tsiku lina mwana wanga wamng'ono anakoka chingwe, hadi diraivi ija n'kugwa pasimenti. Nditailumikiza inangomveka thi, thi, thi, osatsegukanso. Ndinakwiya masiku awiri. Tsiku lachitatu ndinatenga kope lija kuti ndione zomwe ndataya, ndipo pa mayina odzaza masamba anayi, amene anandiwawa mumtima sanakwane khumi. Enawo ndinawasunga chifukwa anthu ankawatchula.

Chiyambire pamenepo ndimachita chinthu chimodzi pa nthawi. Series imodzi, buku limodzi, gemu imodzi, ndipo sindiyamba china mpaka chimenecho nditamaliza kapena nditachisiya. Kusiyako ndiye ndikufuna muzolowere, chifukwa ambiri timaona ngati kusiya buku pakati ndi tchimo, mwina chifukwa cha kusukulu kumene unkalimaliza ufune usafune poopa mayeso. Kuno kulibe mayeso. Series ikafika magawo atatu isanandigwire, ndimaifufuta. Buku ndimalipatsa masamba 50. Anzanga amati "pirira, imayamba kukoma mu season yachitatu." Zikomo, koma maola 20 opirira ine ndilibe.

China chimene chinandithandiza n'kusiya kudikira tsiku loti ndidzakhale ndi nthawi yambiri. Tsiku limenelo silibwera, Loweruka limadyedwa ndi ukwati, chinkhoswe, kuchapa ndi kukaona odwala. Nthawi imene munthu wapabanja ali nayo ndi yoduladula, ndiye chilichonse chiyenera kulowa pamene chikukwanira. Ine ndimakwera minibasi kuchokera ku Area 25 kupita m'tauni, ndipo kuyambira pamene kondakitala akuitanira anthu kuti idzaze mpaka potsika, ola limatha kukwana. Ola limenelo ndi la buku la pafoni. Chigongono cha mnzako chili m'nthiti, thumba la makala a munthu lili pamapazi, koma chala chimodzi chimakwanira kutembenuza tsamba. Chaka chatha ndinamaliza mabuku 9 mwa njira imeneyi, kuposa amene ndinawerenga zaka zitatu zomwe ndinkadikira kukhala pampando wabwino kunyumba. Bola osakhala pawindo lotsegula foni ili m'manja, mukudziwa kale za pa depoti. Magawo aafupi a anime amakwanira pa nthawi ya nkhomaliro. Filimu yathunthu ndi ya Lachisanu usiku basi. Magetsi akazima, m'malo motukwana mumdima, ndi nthawi yomvetsera buku lowerengedwa ndi mawu, chifukwa limadya batire pang'ono ndipo maso amapuma.

Magemu ndiye ovuta kwambiri, ndivomere. Gemu yaikulu ngati Elden Ring ya 2022 imafuna maola makumimakumi, ndipo ukaisiya milungu itatu umabwerera utaiwala mabatani komanso kumene unkapita. Kwa munthu wa mwana wakhanda ndingati muziike kaye pambali zoterozi. Sankhani gemu yoti mutha kuiimitsa mwana akalira, ndiponso imene mphindi 20 zimakupatsani kanthu kathunthu. Gemu ya mpira imachita bwino pamenepa, masewero amodzi atha, mwazimitsa. Stardew Valley, imene anaipanga munthu mmodzi yekha, Eric Barone, n'kuitulutsa mu 2016, imayenda tsiku ndi tsiku la kumunda, ndipo tsiku lililonse ndi mphindi zosakwana 20. Imalowa pa laputopu yakale ngakhalenso pafoni, ndipo siifika ngakhale 1GB. Yerekezani ndi zina za masiku ano zimene zimadutsa 100GB, ndiye ukangomaliza kudawuniloda n'kukuuzanso kuti pali update. Za pa intaneti zolimbana ndi anthu ena ndinazisiya, chifukwa simungauze anzanu anayi kuti dikirani ndikasinthe thewera.

Tsopano za kutsalira kumene kukukuwawaniko. Amene tinakulira m'mavidiyo sho tikukumbuka: kachipinda kamdima, mabenchi, chinsalu pakhomo, dzina la filimu litalembedwa ndi choko pabolodi panja. Mafilimu a karate amene tinkaonera mmenemo ambiri anali ndi zaka khumi kapena kuposa chipangidwireni, ndipo panalibe amene ankadandaula kuti tachedwa. Tinkatuluka tikumenya mateche m'malere mpaka kunyumba. Maganizo akuti chinthu chimasasa ukapanda kuchionera sabata imene chatuluka abwera ndi mafoniwa. Kuchedwa kuli ndi phindu lake, makamaka kwa ife amene ndalama yathu ndi kwacha. Gemu yatsopano ya PlayStation 5 imatuluka pa madola 70, koma pakatha zaka ziwiri imakhala itatsika kwambiri, zolakwika zake atazikonza, ndipo ma disiki ogwiritsidwa kale ntchito ali mbwee. Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, imatsitsa mitengo kwambiri chakumapeto kwa June ndi mu December. Epic Games Store imapereka gemu yaulere sabata iliyonse, ndipo mu May 2020 anapereka GTA V yeniyeniyo, imene inatuluka mu 2013 ndipo anthu akuiseweranso mpaka lero. Mpira uja unkatchedwa FIFA n'kusintha dzina kukhala EA Sports FC mu 2023 suyenera kugulidwa chaka chilichonse, pokhapokha ngati kuona wosewera atavala yunifomu ya timu yake yakale kumakudwalitsani.

Pa ma series, wochedwa amapeza anzake atamulawira kale. Amene tinatsatira Game of Thrones kuyambira 2011 mpaka 2019, magawo 73, tinathera zaka 8 tikudikirira, ndipo mmene inathera aliyense akudziwa phokoso la anthu okhumudwa limene linalipo. Wobwera lero amadziwiratu chimene akulowamo, asankhe yekha. Ndipo mwini nkhaniyo, George R. R. Martin, anatulutsa buku loyamba mu 1996, lachisanu mu 2011, ndipo lachisanu n'chimodzi tikulidikirabe mpaka pano. Ngati wolembayo sakuthamanga, inu wowerenga mukuthamangira kuti?

Za bandulo ndinene mwachidule. Netflix eni ake amati ola limodzi la chithunzi wamba limadya pafupifupi 1GB, ndipo la HD limafika 3GB. Pa sikirini ya foni kusiyana kwake simungakuone kwenikweni, ndiye tsitsani. Dawunilodani usiku pa bandulo yotsika mtengo, kapena pamene mwapeza Wi-Fi, ndipo muzitenga magawo a sabata imeneyo okha, osati season yonse. Mabuku ndiye sadya kanthu. Project Gutenberg, imene inayamba mu 1971, ili ndi mabuku aulere a pa intaneti oposa 70,000, akale amene aliyense ali ndi ufulu wowatenga, ndipo ambiri sadya bandulo yambiri powadawuniloda. LibriVox ili ndi otero omwewo koma owerengedwa ndi mawu. Musaiwalenso National Library ndi anyamata oyala mabuku akale m'mbali mwa msewu, chifukwa pakati pa mabuku a sukulu pamabisala zinthu zabwino. Pano ndipatukeko pang'ono: tonse timadziwa kumene ambiri amatenga mafilimu, pa kabenchi ka mnyamata wa kompyuta kumsika, fulashi m'manja. Sindikhala woweruza. Koma ikakhala filimu ya kuno kwathu, ya anthu ngati a Shemu Joyah amene amapanga ndi ndalama zosakasaka, chonde tiziilipira. Amenewo alibe Disney kumbuyo kwawo.

Ma spoiler, ndiye kuti anthu kukuululira zochitika m'nkhani usanaione, ndi amene amachititsa munthu kuona ngati akuthamangitsidwa. Pa X mutha kutsekereza mawu, mwachitsanzo dzina la series, kuti asamakuonekereni. Pa Facebook mutha kumugoneka munthu kapena gulu masiku 30 popanda kumuchotsa, iye osadziwa n'komwe. Ndipo a admin, poti nkhani yafika apa, bwanji tikhale ndi lamulo loti wolemba za chinthu chatsopano aziyamba ndi dzina lake pamwamba, asiye mizere ingapo, ndiye azinena zakezo m'munsi? Komabe ndinene zoona, ine Endgame ndinaionera patatha miyezi ndikudziwa kale amene afe, ndipo pofika pamalopo pakhosi panandigwirabe.

Mwana amene mukuti wakulandani nthawiyo, mupatseni zaka zisanu zokha. Wanga wamkulu ali ndi zaka 9 tsopano. Ndinafukula PlayStation 2 yakale, makina a m'chaka cha 2000, kontirola imodzi yomangidwa ndi tepi, n'kumuphunzitsa mpira. Miyezi yoyamba ndinkamusiyira dala kuti agoletse. Mwezi watha wandichinya 4 kwa 1 ine ndikuyesetsa ndi mtima wonse, ndipo anathamanga kukauza amayi ake kukhitchini asanaike n'komwe kontirola pansi. Mafilimu amene ndinkaopa kuti ndatsalira nawo, ambiri ndikuwaonera naye panopa, iye koyamba, inenso koyamba. Mayi akunyumba nawo tinagwirizana kuti Lachisanu lina asankha iwo, lina ine. Poyamba ndinkaonera zawozo nkhope ili gwa, koma pali ina ya ku Korea imene ndinafika pofunsa ndekha kuti kodi gawo lotsatira tionera liti. Zimenezi musakauze anthu.

Ndiye madzulo ano tengani pepala, achimwene, mulembe zonse zimene mukuona ngati mwatsalira nazo. Mukatero mufufute chilichonse chimene chalowapo chifukwa choti anthu muno amachitchula. Pa zotsalazo musankhe chimodzi, mutiuze m'munsimu kuti ndi chiti. Ngati ndi One Piece, yambani ndi manga yake, mabuku ake a nkhani ya zithunzi zojambula, chifukwa mutu umodzi umatha pa mphindi zisanu ndipo mulibe zobwerezabwereza za pa TV zija. Ine pano ndili pakati pa buku lachiwiri la The Lord of the Rings, limene linatuluka mu 1954, ndiye aliyense wondiuza zimene zichitike kutsogolo ndimugoneka masiku 30.