Chithunzi ndi m'bale wake wa mthunzi

Achimwene, funso lanu ndinaliona usiku m'gulu lathu lino la ojambula zithunzi, koma ndinati ndigone nalo kaye chifukwa si la mizere iwiri. Mwati munajambula chinkhoswe ku Area 25, ndipo pa zithunzi zomwe munapereka munasakanizamo khumi za black and white. Azakhali a mtsikana akuti, "Ife tinalipira za makaka, nanga izi zonga za pa pologalamu ya maliro zalowa bwanji?" Ndiye mukufunsa ngati zithunzi zopanda makaka zili nako kukongola kwenikweni, kapena n'kungotengera za azungu za pa Instagram.

Ndiyambe ndi azakhaliwo. Sanalakwitse. Pa chinkhoswe makaka ndiye nkhani. Anthu anakhala pansi n'kugwirizana chitenje, anasonkha ndalama, anapita mpaka ku Malangalanga kukachisaka, atelala anachezera usiku akusoka. Akuchimuna ndi akuchikazi timawasiyanitsa ndi nsalu. Inu mukachotsa makaka, kwa iwo mwafufuta thukuta lawo. Komanso anthu a msinkhu wawo anakula chithunzi cha makaka chili chapamwamba, black and white ili ya pa chiphaso ndi m'nyuzipepala. N'zomveka kuti aone ngati mwawabweza m'mbuyo.

Koma kukongolako kulipo, ndipo ine ndimakukonda ndi mtima wonse.

Tamvetserani liwu lathu lomweli: chithunzi. Tsinde lake ndi lomwe lili mu mthunzi, lomwenso lili mu chithunzithunzi. Chichewa sichinatche luso limeneli ndi liwu la utoto, chinalitcha ndi liwu la mthunzi. Mukachotsa zofiira, zobiriwira ndi zachikasu, chotsala ndi kuwala, mthunzi, ndi momwe ziwirizi zagawanira nkhope ya munthu. Ngati pamalopo panalibe kuwala kwabwino, palibe chotsala. Ngati kunalipo, apa ndiye pamene kumaonekera pambalambanda.

Pitani ku Lizulu m'mawa mukajambule amayi akuunjika tomato. Pa chithunzi cha makaka diso lithamangira pa tomato, lichoke apo lipite pa ambulera yofiira ya Airtel, kenako pa jumbo ya buluu yokodwa pa mtengo, kenako pa jezi ya mnyamata wodutsa kumbuyo. Amayiwo mudzawaona pomaliza. Tsopano chotsani makaka. Ambulera ija yangokhala kadenga kotuwa, jumbo yasowa, ndipo diso likupita kumene kuli kuwala: pa zala zawo, pa mitsempha ya kuseri kwa dzanja, pa thukuta la pamphumi, pa kamzere ka dzuwa kolowera pabowo la pepala la pulasitiki. Mzinda wathu uno ndi waphokoso m'maso. Zikwangwani, maminibasi, kaunjika, penti ya makampani a foni pa magolosale, chilichonse chikukuwa. Black and white imatontholetsa phokosolo kuti munthu amveke.

Kwathu ku Kawale kuli chithunzi cha malemu bambo anga chomwe anajambulitsa mu situdiyo ina ku Old Town, Lilongwe asanakhale likulu la dziko mu 1975. Avala jekete, aimirira mowongoka, dzanja limodzi lili pa mpando. Jeketeyo inali ya mtundu wanji chithunzicho sichinena, ndipo sichifunika kunena. Chomwe ndimaona ndi kuwala kwa mbali imodzi ya nkhope, mbali inayo ili mu mthunzi, ndi maso a mnyamata wangofika kumene m'tauni amene akufuna kwawo akadziwe kuti ali bwino. Mu alubamu yomweyo muli zithunzi za makaka za ukwati wa amalume za m'ma 1980. Zonse zinasanduka zofiirira ngati zinagwera mu tiyi. Cha bambo, chomwe ndi chakale kuposa izo, chikadali chowala ngati chadzulo. Chifukwa chake n'chakuti makaka a pa pepala ndi utoto, ndipo utoto umazilala ndi dzuwa komanso kutentha, pomwe black and white yotsukidwa mwachikale imapangidwa ndi tinthu tating'onoting'ono ta siliva tomwe sitizilala msanga.

Za kutengera azunguzo, ayi, musadzichepetse choncho. Fufuzani dzina la Seydou Keïta wa ku Bamako m'dziko la Mali, yemwe anatsegula situdiyo yake mu 1948. Ankakhazika amayi ovala nsalu zamaluwamaluwa kutsogolo kwa nsalu inanso yamaluwamaluwa. Zikanakhala za makaka, nsaluzo zikanamenyana mpaka munthu n'kusowa. M'black and white zinalukana ngati mkeka, nkhope n'kukhala phee pakati. Ife anthu a zitenje phunziro lathu lili pamenepo, ndipo ndikanakonda aliyense wa m'gulu muno amene amajambula zinkhoswe atakhala ola limodzi akuyang'ana ntchito ya bambo ameneyu. Mnzake wa mumzinda womwewo, Malick Sidibé, ankajambula achinyamata akuvina usiku m'ma 1960, ndipo mu 2007 analandira mphotho ya Golden Lion yolemekeza ntchito ya moyo wake wonse pa chionetsero cha zaluso ku Venice, woyamba mwa ojambula zithunzi kulandira ulemu umenewo. Chithunzi chomwe Sam Nzima anajambula ku Soweto pa 16 June 1976, cha mwana wasukulu Hector Pieterson atanyamulidwa m'manja atawomberedwa, n'cha black and white. Magazi sakuoneka kufiira, komabe dziko lonse linanjenjemera, chifukwa chomwe chikulasa ndi nkhope ya mlongo wake wothamanga pambali, dzanja atalitambasula. Ngakhale nkhope ya John Chilembwe yomwe timayenda nayo m'matumba pa ndalama zathu, timaidziwa kudzera m'zithunzi za black and white zomwe anajambulidwa asanaphedwe mu 1915.

Ndipo musaganize kuti onse amene ankajambula choncho ankasowa chochita. Filimu ya makaka ya Kodachrome inatuluka mu 1935, koma akatswiri ambiri anakhalabe pa black and white zaka makumi angapo, ena mpaka lero, mwa kufuna kwawo.

Tsopano ndifike pa chomwe chimandikhudza kwambiri, khungu lathu. Kamera ikamayeza kuwala imayesetsa kuti zonse zikhale zotuwa zapakatikati. Ndiye muimike mkwati wakuda padzuwa atavala malaya oyera: kamera itsata malayawo, nkhope n'kumira mu mdima. Anyamata ambiri akaona choncho amathamangira kuyeretsa nkhope pa kompyuta mpaka munthu kutuwa ngati wadzola phulusa. Zimandiwawa zimenezi. Akatswiri ojambula zithunzi a ku America, Ansel Adams ndi mnzake Fred Archer, anagawa ulendo wochokera pa chakuda bii kufika pa choyera mbee m'masitepe 11, kuyambira 0 mpaka 10. Nkhope imodzi ya Mmalawi ikhoza kukhala ndi masitepe ambiri mwa amenewa: kunyezimira kwa pamphumi, kudera kwa patsaya, mthunzi wa pansi pa chibwano, kuyera kwa m'maso. Palibe khungu lomwe black and white imalikomera kuposa lathuli, bola mulipatse kuwala koyenera. Zanele Muholi wa ku South Africa amachita kudetsa dala khungu lake pa zithunzi zodzijambula yekha, ndipo munthu ukaziona umaima. Njira yojambulira bwino khungu lathu si yodula. Mchotseni munthu padzuwa, mumuike m'mphepete mwa khonde kapena pafupi ndi windo, kuwala kubwere cham'mbali. Yezani kuwala pa tsaya, osati pa malaya. Fulashi ya pamwamba pa kamera izimitseni, imaphwatalalitsa nkhope. Mukatero kwa agogo a imvi ndi makwinya, mudzaona zaka zawo zonse zitalembedwa pankhope.

Pali msampha umodzi womwe umagwira ambiri. Zinthu ziwiri zosiyana makaka zikhoza kukhala zofanana kutuwa. Tomato wofiira pa masamba a mpiru amaonekera patali, koma mukangodina batani lochotsa makaka, nthawi zambiri zonse zimasanduka phala limodzi. N'chifukwa chake ine ndimajambula za makaka, pa RAW (mtundu wa fayilo wosunga zonse zomwe kamera yaona osazifinya) ngati kamera ikulola, n'kudzasintha pambuyo. Mu pulogalamu yokonzera zithunzi ya Lightroom mukhoza kuuza chofiira kuti chiwale, chobiriwira chide, ndipo Snapseed ya pafoni ili ndi timafyuluta tochita zofananazo. Fyuluta yofiira imadetsa thambo la buluu. Yesani pa mitambo ya mu December ikamasonkhana kuseri kwa chipilala cha ku Area 18, mudzaona mitambo itatupa ngati thonje pa thambo lakuda. Komabe ngakhale musinthe pambuyo, chiganizocho chipangidwe musanadine. Muyang'ane malo n'kudzifunsa kuti, makaka atachoka apa, patsala chiyani?

Nyengo yomwe ndimaidikira ndi June ndi July. M'mawa kukuzizira, nkhungu ili pa mtsinje wa Lilongwe, utsi wa mbaula ukukwera, anthu akuwoloka timilatho tamitengo ta ku Tsoka atanyamula mabelo pamutu, akabaza akutuluka mu fumbi dzuwa lili kumbuyo kwawo. Pamenepo simuthamanga ayi. Mumasankha malo, n'kuima, n'kudikira kuti munthu woyenera alowe m'kuwalako. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku lina ndinaima pamenepo pafupifupi ola lathunthu, n'kubwerako ndi chithunzi chimodzi chokha, cha bambo wokankha njinga ya makala, ndipo mpaka pano chili pakhoma kunyumba. Koma ikafika October, majakaranda atachita maluwa m'misewu, black and white ndimaisiya. Mtengo umenewo nkhani yake ndi mtundu wake, kuuchotsa n'kulakwira mtengo.

Zinthu ziwiri ndimadana nazo. China n'kusandutsa black and white chipatala cha zithunzi zodwala. Chatuluka mbuu, kuwala kunali koipa, ndiye tichotse makaka tiziti ndi luso. Anthu amaona. Chinacho n'chachikulu. Pali ojambula, alendo ndi ena a konkuno, amene amalowa ku Mgona kapena ku Chinsapo, n'kujambula mwana wa malaya ong'ambika osapempha makolo ake, n'kudetsa chithunzicho kuti umphawi uoneke bwino kwa anthu akunja. Black and white ili ndi mphamvu yolemeretsa chilichonse, ndipo mphamvu imeneyo ikhoza kupatsa munthu ulemu kapena kumuvula. Mwana yemweyo mphindi ziwiri zapitazo amaseka akusewera mpira wachikulunga. Keïta anthu ake ankabwera okha, atatchena, n'kusankha momwe akufuna kukumbukiridwira. Pemphani kaye, ndipo mukajambula muonetseni mwini wake.

Ndiye za azakhali aja, chitani izi. Zithunzi khumi zija apatseni za makaka, zonse, osawonjezera mtengo ndiponso osatsutsana nawo. Ndi mwambo wawo, ndi ndalama zawo. Kenako pa khumipo musankhepo chimodzi chokha chomwe makaka alibe nacho ntchito. Mwina ndi pamene ankhoswe akupatsana nkhuku, mwina ndi manja a agogo atagwira dzanja la mdzukulu wawo, mwina mtsikana ataweramitsa mutu akumvera malangizo. Chimenecho musachitumize pa WhatsApp, pomwe chimafinyidwa n'kuoneka ngati fotokope. Kachitsukitseni chachikulu, pa pepala losanyezimira, muone kuti chakuda chatuluka chakudadi osati chobiriwirira, muchiike mu fulemu, mukachipereke pamanja ngati mphatso. Ulendo wina muziwauza eni mwambo musanayambe kuti mudzawonjezerapo zingapo zotere.

Zithunzi khumizo ziikeni m'gulu muno pamodzi ndi za makaka zake, ngati eni ake alola, tithandizane kusankha. Ndipo Loweruka likubwerali ndikhala pa mlatho wa ku Old Town 6 koloko m'mawa. Amene akufuna abwere ndi chomwe ali nacho, ngakhale foni.